Chotchinga chidali pamsomali

Ambiri mwa inu mumandidziwa ndi mau okha. M'mawa uliwonse ndimakupatsani moni pa wailesi, ndimakuwerengerani mauthenga a maliro ndi a maukwati, ndimakuuzani tsiku limene a katemera afike m'mudzi mwanu ndiponso kukukumbutsani kuti muzigona m'masikito. Ine pakamwa ndi pamene ndimadyera. Koma lero ndasankha kulemba, chifukwa nkhani imene ndili nayoyi ndayesa kawiri kuikamba pa wailesi, ndipo kawiri konseko mau adandithawa, ndidangoika nyimbo. Ndi nkhani ya tsiku limene ine, munthu wolankhula kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndidatseka pakamwa pamene padafunika mau ochepa chabe.

Ndili ndi mphwanga amene amawotcherera zitsulo kuno ku Cuamba. Ali ndi kashedi ka malata m'mbali mwa msewu, monga timashedi tina timene mumationa mukatsika sitima ya ku Nampula n'kumalowera kumsika. Amapanga mageti, zitseko, mawindo, mabedi ndi mbaula, ndiponso amalumikiza njinga zothyoka. Ndi mmisiri wabwino, ndipo sindikunena izi kaamba koti ndi m'bale wanga ai. Mu Disembala chaka chatha, sukulu zitatsekera, achemwali athu a ku Mandimba adatitumizira mwana wao wamwamuna wa zaka 15 kuti adzakhale kwa ine, aziphunzirako ntchito ya manja kwa mphwangayo m'malo momangozungulira pa malire ndi anyamata osintha ndalama. Pomukweza galimoto adandiimbira foni nati, "Achimwene, mwana wanuyo akubwera." Inu mukudziwa kuti kwathu kuno mau amenewa si nthabwala. Mwana wa mlongo wako ndi wako. Ndiwe tsibweni wake, ndipo chikamuonekera anthu sayamba afunsa bambo ake, amayamba kufunsa iwe.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangomaliza mpanda wa nyumba yanga, ndipo ndinkafuna geti lachitsulo lisanafike tsiku la Khirisimasi kuti alendo adzaone. Ndidapereka ntchitoyo kwa mphwanga, ndipo tsiku ndi tsiku ndinkadutsa pa shedi kumufunsa kuti wafika pati. Mwatsoka sabata yomweyo girayinda yake yaikulu idapsa. Kwa amene simudziwa, girayinda ndi makina a magetsi a m'manja aja amene amazunguza disiki yodulira kapena yopalira zitsulo, amene m'Chipwitikizi timati rebarbadora. Kukonzetsa yaikuluyo kukadatenga masiku angapo ndi ndalama ndithu. Adatsala ndi yaing'ono, koma madisiki amene adali nawo adali aakulu okhaokha, otsala pa makina akupsa aja.

Lachinayi masana nditaweruka ndidapatukira pa shedipo. Ndidapeza ntchito ili m'kati, moto wa zitsulo uli thethethe. Pa msomali wa pa nsanamira padapachikidwa kachitsulo kopindika ngati mwezi wongooneka kumene, chotchinga cha girayinda yaing'ono ija, pamodzi ndi chogwirira chake cha m'mbali. Ndidaloza n'kufunsa kuti, "Nanga ichi chikutani apa?"

Mphwanga adazimitsa makina, napukuta thukuta, nati, "Achimwene musade nkhawa. Disiki yaikulu siilowa chotchinga chili pomwepo. Ndi mmene timachitira tonse m'tauni muno. Geti mukulifuna kapena simukulifuna?"

Ndidaseka. Ndidayang'ana mwana wa achemwali uja, ali chinjutire pansi atagwira paipi ndi manja awiri, nkhope yake ili molunjika ndi disiki, m'maso mulibe magalasi. Mtima udandiuza kuti izi sizili bwino. Koma mtima womwewo unkafunanso geti. Ndidati, "Chabwino, inu ndinu amisiri," ndipo ndidakwera njinga yanga n'kumapita.

M'mawa mwake ndili pa wailesi foni yanga idayamba kung'anima pa tebulo. Sindikadatha kuyankha pulogalamu ili m'kati. Idang'anima kasanu. Nditatuluka ndidamva kuti ndithamangire kuchipatala. Chidachitika n'chakuti paipi imene ankadula itatsala pang'ono kuduka idawerama n'kupana disiki, ndipo disikiyo idasweka ngati mbale yadothi. Chidutswa china chidaboola denga la malata n'kutulukira kunja. China chidang'amba tsaya la mwanayo n'kulowa m'diso lakumanzere. Mphwanga, amene adagwira makinawo, adangokalika pang'ono pa mkono. Madokotala adayesetsa, adatitumiza ku Nampula, ulendo wa makilomita pafupifupi 350, koma disolo silidapulumuke.

Achemwali adatipeza komweko tsiku lachiwiri. Ine ndinkayembekeza kuti akalipira mphwanga, koma sadamuyang'ane n'komwe. Adakhala pansi pa khonde la chipatala, nakonza chitenje chao, nandifunsa motsitsa mau, "Achimwene, inuyo mudaona mmene ankagwirira ntchitoyo?" Ndikadatha kunama, pakuti palibe akadanditsutsa. Ndidati, "Ndidaona." Iwo adati, "Ndiye mudati chiyani?" Kufikira lero funso limenelo sindidaliyankhe.

Usiku umenewo tulo sitidabwere, ndipo pa khonde lomwelo ndidakumbukira atsibweni anga, alongo ao a amayi, amene adatisiya zaka zapitazo. Ine ndidabadwira ku Malawi, mbali ya Namwera, mu 1989, makolo athu atathawa nkhondo. Pofika 1992 dziko la Malawi lidali litasunga anthu a kwathu kuno oposa 1 miliyoni. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu adayamba kubwerera, ndipo ife tidaoloka pa Chiponde mu 1994 n'kukakhala kwao kwa amayi m'boma la Ngauma, kufupi ndi Massangulo. Kumeneko atsibweni adamanganso chipala chao pansi pa mtengo wa mango. Adali osula zitsulo. Ankasula makasu, nkhwangwa, zikwakwa ndi mipeni, ndipo ine ndidali mnyamata wao wopopa mvukuto. Masiku amenewo minda idali itabwerera thengo, nguluwe ndi anyani zinkatha chinangwa ndi chimanga, choncho alenje ankabweranso ndi mfuti zao za gogodela, zothira onga kukamwa zija, kuti atsibweni awakonzere.

Tsiku lina, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, kudabwera mlenje wina wodziwika m'dera lathu. Adafuna zinthu ziwiri. Choyamba, adati kachitsulo kokhethemulira mfuti, kamene m'Chipwitikizi amati gatilho, kadali kolimba, choncho ankafuna kuti akafewetse kuti mfuti izilira akangokakhudza. Chachiwiri, adafuna kuti amuchotsere kachitsulo kopindika kamene kamazungulira chokhethemuliracho. Atsibweni kachitsulo kameneka ankakatcha mpanda. Mlenjeyo adati usiku kukazizira chala chimachedwa kulowa mumpandamo, ndipo nguluwe siidikira munthu.

Atsibweni adaitembenuza mfutiyo, naiyang'ana, naibweza m'manja mwa mwini wake. Adati, "Mpini wosweka ndikukonzerani, dzimbiri ndikuchotserani, koma ziwiri mwanenazi pitani nazo kwina." Mlenje adalonjeza nkhuku ziwiri, kenaka mbuzi. Atakanabe adapsa mtima nati, "Ine ndagwira mfuti nkhondo yonse, mukufuna kundiphunzitsa inu osula makasu?" Atsibweni adangonditsinya diso kuti ndipitirize kupopa. Munthuyo atapita ndidawafunsa chifukwa chake adakana mbuzi pamene ife ndiwo zidali masamba a chinangwa tsiku ndi tsiku. Adandiyankha kuti, "Mpanda uja sadauikire mlenje ali maso. Adauikira tsiku limene watopa, tsiku limene wapunthwa, ndiponso munthu amene akuyenda patsogolo pake."

Mlenje uja adakachita yekha zimene ankafunazo ndi tupa kunyumba kwake. Mvula isanathe, akupita kukalonda kumunda m'bandakucha, mlamu wake ali patsogolo, kanthambi ka m'tchire kadakola chokhethemulira chija. Mfuti idalira chala chake chili kutali. Mlamuyo adamunyamula pa machira, ndipo ngakhale adachira, adatsimphina moyo wake wonse. Kuyambira tsiku limenelo atsibweni adalekeratu kukhudza mfuti ya munthu aliyense, ngakhale mlandu sudali wao. Ankati zimene adaona zidakwana.

Ndidakhala pa khonde paja ndikuwerenga zinthu ziwirizi ngati munthu wowerenga ngongole. Atsibweni anga adakana mbuzi chifukwa cha mlamu wa munthu wina amene sadali m'bale wao. Ine, tsibweni wa mwana wa mlongo wanga weniweni, ndidalephera kudikira geti sabata imodzi. Ndipo taonani mmene nkhani ziwirizi zikufanirana. Wochotsa mpanda wa mfuti sadavulale, adavulala ndi amene adali patsogolo. Wochotsa chotchinga cha girayinda adangokalika, diso lidatayika ndi la mwana wogwira paipi. Kawirikawiri amene amalipira si amene adamasula bawuti.

Titabwerako ku Nampula ndidapita ku shedi kuja ndekha. Ndidatola disiki ina yaikulu mwa zotsala zija, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndidawerenga zimene zidalembedwa pamenepo. Abale anga, zonse zidalembedwa. Ine amene ndidafika ku sekondale, amene ndimawerengera anthu nkhani m'zilankhulo ziwiri, ndidali ndisadawerengepo disiki. Tsono ndikufuna ndikuuzeni zimene ndidapeza, kuti inunso mukatenge disiki ya kwanuko muone ngati ndikunama.

Pa disiki iliyonse amalembapo kukula kwake ndi liwiro limene siiyenera kupitirira. Disiki yaikulu ya mamilimita 230 amailembera kuti isazungulire koposa ka 6,600 pa mphindi imodzi, ndipo girayinda yaikulu adaipanga kuti izizungulira pa liwiro limenelo kapena kucheperapo. Koma girayinda yaing'ono, ya disiki ya mamilimita 115, imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi. Bowo la pakati pa madisiki awiriwa ndi lofanana, n'chifukwa chake yaikulu imalowa pa makina aang'ono mosavuta, ndipo m'pamene pagona msampha. Disiki ikamazungulira pa liwiro lake loyenera, m'mphepete mwake mumathamanga mamita 80 pa sekondi, kumene kuli ngati makilomita 288 pa ola. Ya 230 ija ukaiika pa makina aang'ono, m'mphepete mwake mumapitirira makilomita 470 pa ola, ndipo mphamvu imene imaikoka kuti ithetheke imachuluka pafupifupi katatu. Disikiyo si chitsulo ai. Ndi timiyala tolimba tomatidwa ndi ulimbo wa m'fakitale pa kaukonde ka ulusi. Ikapanidwa pang'ono pa liwiro lotero, imabalalika, ndipo palibe diso la munthu limene lingaphethire msanga kuposa chidutswa chimenecho.

Apa ndidazindikira kuti chotchinga chili ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi imene tonse timaidziwa, kugwira zidutswa ndi moto kuti zisalunjike kwa munthu. Yachiwiri ndi imene mphwanga ankaidandaula, yakuti disiki yaikulu siilowa chotchinga chili pomwepo. Amene adapanga makinawo adachita dala. Chotchinga chikakana disiki, ndiye kuti chikukuuza kuti disikiyo si ya makina amenewo. Mphwanga adaona ngati chikumutsekereza ntchito, pamene chinkamuchenjeza.

Chinanso chimene ndidapeza ndi chakuti disiki imatha ntchito ngati mankhwala. Pa kachitsulo ka pakati, kozungulira bowo, madisiki ambiri amadindapo mwezi ndi chaka chimene ayenera kulekera kugwiritsidwa ntchito, kawirikawiri zaka zitatu kuchokera pamene adapangidwa. Chinyezi ndi kutentha zimafoola ulimbo uja. Madisiki a mphwanga ankagona pansi m'shedi yodontha, m'mwezi wa Disembala. Ndipo pali disiki yodulira, yopyapyala, ndi disiki yopalira, yokhuthala. Yodulira siiyenera kukhuzidwa cham'mbali, chifukwa imathyoka. Komabe pitani mukaime pa shedi iliyonse kwa mphindi khumi, muona munthu akusalaza chitsulo ndi mbali ya disiki yodulira.

Chichitikireni ngoziyi maso anga adatseguka, ndipo tsopano ndikamayenda kukatola nkhani ku Mandimba, ku Ngauma ndi m'midzi yozungulira Cuamba ndimaona misomali yambiri yopachikapo zotchinga. Ndaona akalipentala amene amamanga mpeni wa sowo wa mano pa girayinda kuti azichekera matabwa. Chimenechi ndi choopsa kuposa zonse, chifukwa mano akakola mfundo ya thabwa kapena msomali, makina onse amadumpha kubwerera kwa munthu, ndipo mpeni wotero sucheka thabwa lokha. Ndaona zigayo zimene lamba wake amathamanga poyera, chotchinga chake adachichotsa tsiku lina posintha lamba ndipo sadachibwezerenso. Amene amayandikira pamenepo ndani? Ndi amayi athu ovala zitenje ndi mipango, ena ali ndi mwana kumbuyo, ndi ana amene timawatuma kuchigayo. Lamba akagwira nsonga ya chitenje safunsa kuti mwini wake ndani.

Ndaonanso anyamata ocheka mitengo ndi makina a petulo aja, amene timati motosserra. Pa chogwirira cha makina amenewa pali kachitsulo kokhethemulira koonjezera moto, ndipo pamwamba pake pali kena kamene dzanja liyenera kukanikiza kaye kuti koyambako kagwire ntchito. Adapanga tero kuti nthambi ikakhudza, kapena munthu akagwa n'kutaya makina, tcheni lisathamange lokha. Koma ena amamanga kachiwirika ndi mphira wa chubu ati dzanja limatopa. Kutsogolo kulinso chotchinga dzanja chimene chimaimitsa tcheni makina akadumpha. Chikathyoka ambiri sagula china, amangopitiriza. Ndikaona zimenezi ndimakumbukira mlenje uja ndi tupa wake, pakuti nzeru yake ndi yomweyo, kufewetsa chimene adachilimbitsa dala.

Pali chinanso chimene ife a m'tauni tiyenera kusamala nacho, chifukwa magetsi amathima nthawi ina iliyonse. Magirayinda ambiri ali ndi switchi imene imakhala chiyakire ukaikankha. Magetsi akathima ntchito ili m'kati, munthu amangoika makina pansi n'kupita kukamwa madzi, kuiwala kuti switchi ili chiyakire. Magetsi akabwera, girayinda imadzuka yokha n'kuyamba kuthamanga pansi pakati pa miyendo ya anthu. Ena switchi ikafa amangolumikiza mawaya mwachindunji kuti makina aziyaka akangolowetsa pulagi. Ameneyo ndiye kuti wapanga makina amene sangawazimitse ali m'manja mwake.

Ndakhala pansi ndi amisiri angapo kukamba nao zimenezi, ndipo sindikufuna kuwanamizira kuti ndi anthu opusa kapena osasamala. Madandaulo ao ndi omveka. Amati chotchinga chimatsekereza pocheka m'makona. Amati disiki yaikulu imakhalitsa pamene yaing'ono imatha msanga, ndipo ndalama n'zovuta. Amati makina ambiri amawagula akale, chotchinga chitatayika kale, ndipo kupeza china n'kovuta. Amatinso makasitomala sadikira, ukachedwa amapita kwa mnzako. Pa mfundo yomalizayi ine ndilibe pakamwa, chifukwa kasitomala wosadikirayo ndidali ine.

Koma pa zinazo yankho lilipo. Chotchinga chimatembenuka. Ukamasula pang'ono bawuti wake, kapena kachogwirira kake, umachizunguza kuti chikhale pakati pa disiki ndi thupi lako, n'kumanganso. Ndi ntchito ya mphindi imodzi, ndipo pochita zimenezi pulagi izikhala itazulidwa. Pa kona pamene girayinda siingafike ndi chotchinga chake, sowo wa manja ndi tupa zilipo, atsibweni adagwira nazo ntchito moyo wao wonse ndipo adaikidwa m'manda ndi zala zonse khumi. Chotchinga chikasowa, funsani kwa okonza makina a magetsi, amakhala ndi makina akufa amene zotchinga zake zili bwinobwino. Chitsulo chimene mukudula chimangidwe pa tebulo kapena pa vaisi, ndipo mbali imene igwe ikhale yomasuka kuti isapane disiki. Mwana asakhale vaisi yanu. Aliyense amene alibe chochita aime kutali, ndipo asaime molunjika ndi kumene disiki ikuzungulirira. Magalasi otchinjiriza maso akhale awiri, a mmisiri ndi a womuthandiza.

Kunena za ndalama, ine ndidawerengera. Disiki yaing'ono imene ikadamaliza geti langa mtengo wake sukadafika pa mtengo wa nkhuku imodzi. Ulendo wa ku Nampula wa anthu atatu, chakudya cha masabata awiri, mankhwala ndi maulendo obwereza zidatha ndalama zoposa mtengo wa geti lenilenilo kangapo, ndipo achemwali adagulitsa mbuzi zao. Zonsezo ndi ndalama, zimapezekanso. Diso silipezekanso. Akulu adati kuthamanga sikufika, ndipo ine mwambi umenewu ndaugula pa mtengo wokwera.

Ndisanamalize ndibwerere ku mfuti, chifukwa nkhani yake siidathe m'midzi mwathu. Mu 1995 bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, lidayambitsa ntchito ya Transformação de Armas em Enxadas, kusandutsa zida kukhala makasu. Munthu ankapereka mfuti n'kulandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Zida ndi zipolopolo zambirimbiri zidasonkhanitsidwa n'kuduladulidwa, ndipo zina amisiri a luso a ku Maputo adaziwotcherera kukhala mpando ndi mtengo zimene zidakafika mpaka ku British Museum ku London. Atsibweni atamva nkhaniyi pa wailesi adaomba m'manja nati tsopano boma ndi mipingo ayamba ntchito yao ya osula. Mu Sepitembala 2015 dziko lathu lidalengeza kuti malo onse odziwika a mabomba okwirira pansi adayeretsedwa. Komabe mfuti zakale zimapezekabe, wina polima, wina pofolera nyumba ya malemu agogo ake.

Kwa inu amene mwapeza chinthu chotero, pempho langa ndi lakuti musayese kuchikonza, ndipo musapite nacho kwa wowotcherera kapena wosula kuti akuonereni. Mfuti imene yagona m'nthaka kapena m'denga zaka makumi atatu, dzimbiri lidadya kale tizitsulo timene timaigwira kuti isalire yokha, ndipo simungadziwe ngati muli chipolopolo m'kati. Musaigwire, musalole ana kuyandikira, kauzeni amfumu ndi apolisi. Kumbukiraninso kuti kusunga mfuti popanda chilolezo cha boma ndi mlandu. Ndipo inu amisiri anzanga, munthu akabwera ndi mfuti kuti mumufewetsere chokhethemulira kapena mumuchotsere mpanda, muyankheni monga adayankhira atsibweni anga. Mbuzi yake apite nayo.

Mwina mukufunsa kuti kwathu zinthu zili bwanji tsopano. Mwana uja adabwerera ku Mandimba ndipo akupitiriza sukulu. Poyamba ankaphonya pothira madzi m'kapu ndipo ankaopa kuoloka msewu, koma akuzolowera. Mpira adasiya. Ndikapita kukamuona amandilandira ndi manja awiri, amati, "Atsibweni mwabwera," ndipo ulemu wakewo umandilasa kuposa chipongwe. Achemwali amandipatsa moni, amandiphikira nsima, koma sadatumizenso mwana wina kwa ine, ndipo sindingawadandaule.

Mphwanga adakhala mwezi wathunthu osatsekula shedi. Tsiku limene adatsekula ndidapita naye. Sitidalankhule zambiri. Adatenga chotchinga chija pamsomali, nachipukuta fumbi, nachimanga pa girayinda pamodzi ndi chogwirira chake. Madisiki aakulu otsala aja adawaika pa shelefu kudikira makina ao, ndipo akale ndi onyowa adawathyola n'kuwataya m'dzenje kuti wina asawatole. Bowo limene chidutswa chija chidaboola padenga adakana kulitseka. Dzuwa likafika pamutu kuwala kumalowa pamenepo n'kugwera pansi pomwe mwana uja adanjuta, ndipo mnyamata aliyense watsopano wofuna kuphunzira ntchito amayamba wamuonetsa bowolo asanamugwiritse chida chilichonse. Amisiri ena oyandikana naye adabwezera zotchinga zao, ena akadali kuseka kuti ngozi ndi tsoka chabe. Geti langa adalimaliza mu Febuluwale. Ndimalitsekula m'mawa uliwonse popita ku wailesi, ndipo silindisangalatsa.

Tsono abale anga a ku Cuamba, a ku Mandimba, a ku Ngauma ndi inu a tsidya la malire amene nyuzipepala ino imakufikani, sindikukupemphani ndalama kapena msonkhano. Ambiri a inu simuli amisiri, monganso ine sindili mmisiri. Koma muli ndi mwana amene akuphunzira ntchito pa shedi ina, muli ndi mkazi kapena mlongo amene amapita kuchigayo, muli ndi mlamu amene amacheka matabwa m'phiri. Mukapita kumeneko sabata ino, yang'anani pa makina, kenaka yang'anani pamsomali. Mukaona chotchinga chili pamsomali, lankhulani. Mmisiri akakusekani kuti simudziwa ntchito, vomerani kuti simudziwa, koma mwana wanu mumutenge mubwerere naye kunyumba kufikira chotchingacho chitabwerera pamalo pake. Ngati ntchitoyo ndi yanu, muuzeni kuti mudikira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Lolemba likudzali m'mawa ndidzayesanso kachitatu kuikamba nkhaniyi pa wailesi. Mukadzamva kuti ndaika nyimbo pakati, mudzadziwe kuti zotsalazo mwawerenga kale pano, ndipo mukawauze anzanu amene sadziwa kuwerenga.